Tsiku Limene Mayi Imani-kaye Anatsekeka Mawu

Mipando inali yambiri, koma ophunzira anatsala awiri okha: mlonda wina wachikulire ndi mayi wogulitsa nsalu. Mwini sukulu sanapite m'mbali pouza mphunzitsi wawo.

"Awiriwa akangochoka, chipindachi ndichipereka kwa a makompyuta. Inuyo mukaone zina."

Mphunzitsiyo mtima unamuwawa. Anali ndi ana oti adyetse, ndipo kuphunzitsa anthu kulankhula Chingelezi ndiyo ntchito yokha imene ankaidziwa. Sanali waulesi ayi. Vuto linali khutu lake, lakuthwa mopyola muyeso. Wophunzira akangolakwitsa liwu, iye anali atalumpha kale: "Imani kaye!" Mpaka anamupatsa dzina loti Mayi Imani-kaye. Anthu ankaimadi, ena n'kuimiratu kunyumba kwawo.

Tsiku lina chimfine chinamugwira, mawu n'kutsekeka. Kujomba sakanatha, choncho anangokodola mlonda uja kuti alankhule.

Bamboyo anayamba, akudikira kudulidwa. Kunali zii. Anapitiriza. M'Chingelezi chothyokathyoka anafotokoza za mwana wake amene anakwatiwa kutali, ndi za adzukulu amene sadziwa chilankhulo cha agogo awo. Pafoni amangoti "halo" n'kumasekerana basi.

Atamaliza anafunsa, "Aphunzitsi, mwamva koma?"

Mphunzitsiyo anagwedeza mutu, misozi ikulengeza. Anamva zonse. Anachita manyazi kuti miyezi yonseyi ankamva zolakwa za munthuyu, koma chimene anadzera sankachidziwa.

Mawu atabwerera, chizolowezi nachonso chinabwerera. Ndiye anayamba kuika kapu ya madzi patebulo. "Imani kaye" akafika pakhosi, ankamumezera madzi. Masabata oyambawo anamwa madzi ngati ng'ombe, ndipo nthawi zina mawuwo ankapulumukabe pakamwa. Koma sanasiye. Munthu akamaliza m'pamene ankamuuza chimene wanena bwino, kenaka cholakwa chimodzi chokha choti akonze, n'kumupempha abwerezenso.

Mayi wa nsalu anabweretsa mlamu wake. Mlamuyo anakoka anzake a kuntchito. A makompyuta anakapeza chipinda kwina.

Tsiku lina mlonda uja analowa mano onse ali pamtunda, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi, dzulo ndacheza ndi mdzukulu wanga mpaka batire kutha. Kanandikonza ndithu kamwanako, koma kamadikira kaye ndimalize."

Inu amene mukuphunzitsa ndipo mukuona ngati zakukanikani, musafulumire kutaya choko. Mwina chatsala n'kungomulola munthu afike kumapeto kwa mawu ake. Mezani madziwo, mverani, ndipo mtima usagwe.