Mango Amene Ndinadzala ku Msasa

Nditangoweruka paulonda ku Al Mirqab mumzinda wa Doha, mapazi akuwawa, mchemwali wanga anaimba foni.

"Achimwene, bungwe la achinyamata lija likuganiza zopereka malo a msasa kwa anthu ena."

Ndinakhala pabedi osavula nsapato. Kumsasa wa bungwewo tinkapitako patchuthi tili ana, ndipo mwana aliyense ankadzala mtengo n'kumangirirapo kachitini kolembedwa dzina lake. Ine ndinadzala mango. Ndinkauthirira mtengowo ndi madzi anga akumwa, kukhosi kutauma gwa, poganiza kuti paliponse pamene mthunzi wake udzafike padzakhala panga. Ndinauza amayi kuti tidzamangapo nyumba. Anangoseka.

"Nanga mtengo wanga?" ndinamufunsa mchemwali wangayo.

"Ulipo, wakula zedi. Upita limodzi ndi malowo."

Kani ntchito yolondera zinthu za eni sindinayambire ku Doha.