Chingwe cha Nsomba Zopindika

Msika wonse unkawatchula Mayi Kampeni, ndipo dzinalo sanalitole panjira. Zaka makumi awiri akutumbula nsomba patebulo la simenti pafupi ndi mpopi! Mpeni wawo unali utadyeka n'kutsala ngati tsamba la udzu, koma kuphethira kamodzi, mamba ndi matumbo zili kale m'ndowa.

Munthu wotere sungamunamize za nsomba. Patatha zaka zitatu fakitale ya utoto itatsegulidwa kumtunda kwa mtsinje, anagwira nsomba ya msana wopindika ngati chikwakwa. Kenako ina yopanda diso, pamalopo pali khungu losalala.

Anzawo zoterezi ankangodula mitu n'kusakaniza ndi zabwino. Mayi Kampeni ayi. Ankazithira mchere, kuziyanika, n'kuzitunga pachingwe m'kachipinda ka makala. Chaka chikatha, ankamanga mfundo.

"Amayi, mukukonza mkanda woti mudzavale paukwati?" ankawaseka mpongozi wawo.

"Seka, mwanawe. Maso amaiwala, koma mchere suiwala."

Tsiku lina kumsika kunabwera mayi wofufuza za m'madzi. Anafotokoza kuti mankhwala otayidwa mumtsinje amaononga mbewu ya nsomba, n'chifukwa chake zimaswa ana olumala. Vuto linali lakuti eni fakitale ankati nsombazo n'zotero kuyambira kale, ndipo iye analibe umboni wa zaka zapitazo.

Asodzi, omwe ankadziwa za chingwecho, anawazungulira Mayi Kampeni. "Mayi, mukangotsegula pakamwa, atiletsa kuwedza. Inuyo muzidzatumbula chiyani? Miyala?"

Asodziwo sankanama, ndipo mayiwo ntchito ina sankaidziwa. Anachita mantha kwambiri. Koma atafika kunyumba anapeza mpongozi uja, ali ndi pakati pa miyezi isanu, akukazinga nsomba ya mumtsinje womwewo.

M'mawa mwake anayala chingwecho patebulo, msika wonse ukuona. Kumfundo zoyamba kunali kansomba apa, kena apo. Kumfundo zomaliza zinali zitapanikizana, chingwe osaonekanso. Wofufuza uja anagwira pakamwa.

"Amayi, mwasunga zimene ife ophunzirafe tinalephera kusunga," anatero, n'kuyamba kudula kachipsepse pansomba iliyonse kuti akapime.

Kuwedza kunaletsedwadi, ndipo fakitale inalamulidwa kuyeretsa madzi ake isanawataye. Asodzi mpaka lero sawapatsa moni Mayi Kampeni. Patebulo lija pano pamakhala wogulitsa zidebe, ndipo mayiwo zimawapweteka ndithu, sabisa. Koma ine ndimati akazi olimba mtima chotere ndi osowa.

Masiku ano mpeni uja umasenda mbatata pakhonde. Ntchito yosambitsa mdzukulu sapatsa wina aliyense. Akamuika m'beseni, amayendetsa chala pamsana pake, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, monga ankachitira ndi nsomba. Msanawo ndi wowongoka. Komabe mawa adzaupimanso.