A Tukiran Ogulitsa Putu ndi Mphaka wa Malemu

Achimwene anga a Tukiran, Mulungu awapumitse, ntchito yawo inali imodzi moyo wawo wonse, kugulitsa putu m'makwalala a mzinda wa Semarang. Anayamba ali mnyamata, katundu pamapewa, njinga anadzagula atakwatira kale. Kumbuyo kwa njingayo kunali bokosi, m'bokosimo kasitovu, pakasitovupo chitini cha madzi owira. Ufa wa mpunga ankaukanikiza m'timphako ta nsungwi, pakati shuga wofiira, n'kusanja pa chitinipo kuti upse ndi nthunzi. Ukapsa, pa tsamba la nthochi, kokonati wopala pamwamba. Chitini cha putu chili ndi kachiboo kamene nthunzi ikamatuluka kamalira ngati wezulo osalekeza, ndiye wogulitsa safuula, anthu amangomva okha kuti wafika.

Ntchitoyo inawayenera, chifukwa anali munthu wosakonda kulankhula. Akazi awo, alamu anga a Ponirah, ankati, "Ine ndinakwatiwa ndi chitini. Chitini chimayankhulako, mwini wake ayi." Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, anakwatiwa kutali ku Batam. Pakhomo anatsala awiriwo. A Ponirah ndi amene ankapala kokonati ndi kusefa ufa, a Tukiran akaswali chakumadzulo n'kukankha njinga.

Pa njira yawo panali agogo ena amasiye, a Kasinem, okhala okha m'nyumba ya geti lobiriwira. Okha ndikunama, anali ndi mphaka wamkazi wa mizeremizere, wonenepa ngati pilo, dzina lake Lurik. Wezulo ikangomveka, agogo ankatuluka ndi mbale ya mphaka m'manja, mpunga wosakaniza ndi tinsomba, n'kuiika pakhonde. Iwo n'kukhala pomwepo kumadya putu wawo.

"Lero wandiumira shuga, Ran."

"Ndikukusungirani mano, gogo."

"Mano ake ati?"

Zinali choncho zaka zambiri. Kenako agogo aja anamwalira. Mwana wawo anabwera kuchokera ku Surabaya, anaika maliro, anatseka nyumba. A Tukiran atafunsa za mphaka, oyandikana nawo anati anamunyamula m'dengu, sakudziwa kumene anapita naye. Achimwene ankangochepetsa liwiro akafika pa geti lija, n'kupitirira.

Tsiku lina anapeza khwalala lawo atalitseka ndi tenti ya ukwati, mipando mpaka pa ngalande. Anazungulira njira ina imene sankadutsamo. Ali pakati pa njirayo anamva wina akuthamanga kumbuyo, mapatapata akulira. Anali mtsikana wa magalasi, malaya ake ubweya wokhawokha.

"Pak, imani kaye. Chonde musazimitse moto." Kwathu abambo timawaitana Pak, amayi Bu.

Mtsikanayo anali Wening, wogwira ntchito pa nyumba yosungirako amphaka osiyidwa. Anati ali ndi mphaka wamkulu amene anam'bweretsa mwana wa mwini wake, mwini wakeyo atamwalira. Chibwerereni sadya. Amachita kum'thira phala m'kamwa ndi jakisoni wopanda singano, tsiku lonse amangoyang'ana khoma. Koma lero, wezulo itangomveka, wadzuka n'kuyamba kulira pa chitseko cha khola.

A Tukiran anatsamiritsa njinga pa mpanda n'kulowa. M'kati munali timakhola ta waya tosanjikizana, tiana ta amphaka tikudumphadumpha. Pakona panali chinthu cha mafupa okhaokha, ubweya wanyankhalala. Mizere yokha ndiyo inali yomweyo.

"Lurik iwe," anatero achimwene.

Wening, pochita manyazi kuti waimitsa munthu pa malonda ake, anagula putu, n'kukhala pansi pafupi ndi khola kumadya. Mphaka uja anayang'ana, anayang'ananso, n'kunyambita chakudya cha m'mbale mwake. Pang'ono chabe, koma anadya yekha.

"Ndi wezulo yanuyo, Pak," anatero Wening, misozi ili m'maso, kokonati ali pa mlomo.

A Tukiran anafunsa ngati pali amene angam'tenge. Wening anapukusa mutu. Anthu obwera kudzasankha amafuna tiana. Mphaka wamkulu amati anazolowera eni ake, sangakukonde.

Kuyambira pamenepo achimwene anasintha njira. Dzuwa likapendeka ankakaima kunja kwa mpanda uja, moto uli ngwee, wezulo ikulira. Wening ankagula tsamba lake limodzi n'kulowa nalo m'kati, kenako n'kutuluka kudzanena kuti lero wadya chakuti. Koma khwalala limenelo linali la mipanda italiitali, lopanda ogula, ndipo nthawi imeneyo ndi imene anthu amaweruka kuntchito n'kumafuna kotafuna. Achimwene anayamba kubwerera ndi ufa wotsala, kokonati atasasa. Kunyumba osanena kanthu.

A Ponirah anapala kokonati, anataya, anapalanso, anatayanso. Kenako anavala mpango n'kuwatsatira amuna awo chapatali. Anawapeza ataima pa geti la eni, akumwetulirana ndi mtsikana wa magalasi, kumwetulira kumene kunyumba kumaoneka pa Idi pokha.

"Ndiye kuno ndi kumene kokonati wanga amasasira," anatero a Ponirah, osakweza mawu. "Pak, mukanandiuza. Ndikanam'gulirako nsalu mnzangayu."

Wening anafiira makutu. A Tukiran anangoloza m'kati.

"Ali m'katimo, Bu."

"Aliponso wina?"

A Ponirah analowa. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa khola lija, manja m'chiuno. Iwo agogo a Kasinem ankawadziwa, anakathandiza nawo kuphika pa maliro awo. Wening anafotokoza kuti dokotala wa ziweto wanena kuti zimene akudyazo n'zochepa, thupi likutherabe. Phokoso la amphaka ena likumuopsa. Akapanda kupeza nyumba yabata, mvula ya chaka chino saiona.

"Kwathu ayi," anatero a Ponirah. "Kwathu ndi kwa ufa. Munthu akapeza ubweya mu putu mudzamuuza kuti ndi kokonati?"

A Tukiran anangogwada n'kulowetsa chala pa waya. Mphaka anachinunkhiza. A Ponirah anayang'ana msana wa amuna awo, malaya atanyowa thukuta, n'kupumira m'mwamba.

"Mitala yobisa ndi imene imatha chuma. Bwerani nayeni, ndizimuona ndi maso. Koma kukhitchini asapondeko."

Sikunali kungonyamula ayi. Wening anabwera kaye kudzaona nyumba. Anayang'ana mazenera, anasuzumira kuseri, anafunsa kumene mphaka azigona, anafunsanso ngati onse awiri avomera ndi mtima wonse.

"Mwana wanga pokwatiwa sitinakayendere nyumba ya mwamuna chonchi," anatero a Ponirah. "Mwina bwenzi tikanatero."

Potsanzika Wening ananena mawu amene anawakhala achimwene pamtima. Anati akaona kuti sakudya asachite manyazi, am'bweze, akapitirize kum'thira phala ndi jakisoni uja.

Lurik atangotuluka m'dengu anathawira kunsi kwa bedi. A Tukiran sanade nkhawa, mankhwala ake ankawadziwa. M'mawa mwake anayatsa kasitovu pakhomo pomwe, wezulo n'kuyamba kulira. Amayi a m'khwalala anatuluka ndi mbale zawo, akudabwa kuti putu wa m'mawa wayamba liti. Mphaka naye anatulukadi. Anafika pa chitseko, anayang'ana kunja, ananunkhiza mbale yake, anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna wina. Kenako anabwerera kunsi kwa bedi. Achimwene anasintha nsomba, anagula zodula zimene iwo eni sankazidya. Anayatsa moto masana, anayatsa madzulo, mpaka aneba anayamba kufunsa ngati chitini chawonongeka. Mphaka ankangomwa madzi basi.

Ine ndinapitako masiku amenewo. Ndinawapeza achimwene atagona chafufumimba pa simenti, mutu kunsi kwa bedi, akulankhula motsitsa. Munthu amene mawu ake tinkachita kuwapempha. Ankamuuza mphaka kuti nyumba ndi yaing'ono koma sidontha, kuti Bu ndi wa pakamwa chabe, mtima ndi wabwino. Dengu lija anali atalitsitsa kale pamwamba pa kabati. Anati mawa lake akam'bweza, kusiyana n'kuti afere m'manja mwawo.

Madzulo amenewo anapita ku malonda mtima uli pansi. A Ponirah anatsala okha. Iwo chizolowezi chawo, chikwatiwireni, kunali kudya chiimire kukhitchini, dzanja lina likutsuka poto. Koma tsiku limenelo bondo linawavuta. Anatenga mbale yawo ya mpunga ndi ndiwo zamasamba n'kukakhala pa mphasa pafupi ndi chitseko, pomwe panali mbale ya mphaka. Akudya anangoona kamutu katulukira kunsi kwa bedi. Sanakayang'ane. Mphaka anayenda mwapang'onopang'ono, miyendo ikunjenjemera, n'kukhala pambali pawo. Anayamba kudya.

A Ponirah anasiya kutafuna kuti aonetsetse. Mphaka naye anasiya, n'kuwayang'ana. Anatapanso mpunga, mphaka anaweramanso. Anadzuka kukatenga madzi, mphaka anachoka pa mbale n'kumadikira. Anabwerera, anakhala pansi, anaonjezera mpunga wina ngakhale anali atakhuta, mpaka mbale zonse ziwiri zinayera.

Achimwene pobwera anapeza dengu labwezedwa pamwamba pa kabati.

"Wezulo yanu ija ndi yoitanira chabe, Pak. Mkazi wanuyu sadya yekha. Agogo aja anamuzoloweza zoipa."

A Tukiran anayang'ana mbale yoyera ija, anakhala pansi pa mphasa nsapato zili kuphazi, n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Kuchokera tsiku limenelo m'nyumba muja anayamba kudyera pansi, atatu, asanatuluke achimwene. Lurik ananenepanso, ngakhale sanafike pakale. Kukhitchini sanalowemo, ankathera pa khomo, ndipo a Ponirah ankauza aliyense kuti ndi iwo anamuphunzitsa. Usiku ankagona kumapazi kwa achimwene. Wening ankabwera nthawi zina, amvekere akudzaona mphaka, koma ankachoka ndi putu wodzaza tsamba.

Achimwene anatisiya nyengo ya mvula yapitayi. Anabwera ku malonda, anatsamiritsa njinga, anati pachifuwa pakuwalemera, akhale kaye pansi. Sanadzukenso. Tinawaika tsiku lomwelo. Anthu anabwera kudzapemphera madzulo aliwonse monga mwa mwambo, kenako mipando inabwezedwa, mwana wawo anabwerera ku Batam, m'nyumba munati zii. Ine ndinkaopa za alamu anga, chifukwa masiku onse a maliro sindinawaone akuika kanthu m'kamwa, ndipo zovala zinayamba kuwakulira.

Ndiye ndinaphika nkhuku n'kupita nayo, nditakonzekeratu zowanyengerera. Ndinawapeza ali pa mphasa pafupi ndi chitseko, mbale pamwendo, akutafuna mokakamiza, maso ali ofiira. Pambali pawo Lurik, imvi zitatuwa kukamwa, ali jijirijijiri ndi mutu wa nsomba.

"Usandiyang'ane choncho," anatero alamu. "Njala ndilibe ine. Koma nkhalamba iyi ndikasiya kudya, nayo imasiya. Ndikam'yankha chiyani mchimwene wako?"

Anasendera pang'ono kundipatsa malo. Ndinavundukula nkhuku ija n'kukhala nawo pansi.