Tsiku limene ndinaitanitsa apongozi ake

Mwamuna wanga anapita ku Joni mwana wathu wachiwiri akukwawa. Poyamba ankaimba foni, kenako nambala inasiya kugwira. Ankhoswe sanakhalepo pansi kuti banja latha, choncho kwathu ndinali mkazi wake ndithu. Ndinalera anawo ndi kalesitilanti kanga ka mumsika waukulu ku Old Town, kophika nkhuku ya lokolo ndi nkhwani wotendera.

Tsiku lina masana ndinangoona mayi woyera bwino, wa magalasi adzuwa, akukoka mwamuna padzanja kulowa naye pakhomo panga. Mwamunayo anali atanenepa, wameta mpala, koma kayendedwe ka munthu amene unagona naye mphasa imodzi sungakaiwale. Atandiona anaima chilili.

“Mukudziwana?” anafunsa mayiyo.

“Awa ndi achemwali anga,” iye anatero. “Mwana wa mayi anga aang’ono.”

Achemwali! Ine wom’berekera ana awiri! M’manja ndinali ndi chipande, ndipo ndimayamika Mulungu kuti sichinagwire ntchito ina tsiku limenelo. Ndinawalozera pa benchi.

Mayiyo analibe mlandu, ndipo ankacheza ngati tinakulira limodzi. Anati kwawo ndi ku Dedza, koma anakumana ndi mwamunayo ku Joni komweko, ndipo abwera kutchuthi. Ankagona pa loji ku Area 9. M’mawa ankazungulira m’misika kugula masuku, malambe ndi zitenje, madzulo n’kumakamwa wayini ku City Centre. Anandionetsa zithunzi pafoni: mwamuna wanga atanyamula tambula ya mwendo wautali, yemwe uja ankamwera thobwa m’chigubu. Nkhuku yanga anaitafuna mpaka mafupa.

“Alamu, mawa tibweranso,” anatero potsanzika. “Ndikubweretserani botolo, mudzalawe.”

Mwamunayo potuluka anandiyang’ana mondithokoza, poganiza kuti ndam’bisira. Mumtima ndinati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndikanatha kungomuuza mayiyo, koma mwamunayo ndi wa pakamwa potsetsereka, akanati ndine wamisala. Ndinkafuna adziulule yekha. Ndinaimbira foni amayi anga kumudzi kuti akwere minibasi yoyamba.

Kwathu mkamwini amaopa apongozi ake aakazi. Sadya iwo akuona, sawayang’ana kumaso, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire n’kunyonyomala. Mwamuna wangayo anakhala chikamwini pakhomo pathu zaka zambiri, ndipo ulemu umenewu anali nawo wonyanya. Tsiku lina anagwera m’dzenje la zinyalala pothawa amayi.

Mawa lake awiri aja anabweradi, botolo lili m’chikwama. Amayi ndinawakhazika kuseri, kumene timatsukira mbale. Ndinapakula ntchafu zonona, mayiyo anathira wayini m’makapu anga a pulasitiki, ndipo ndinadikira mpaka mwamunayo ataluma nyama, mafuta akuyenderera m’zala.

“Amayi, tabwerani mudzapereke moni kwa alendo.”

Amayi anatulukira akukonza mpango. Thupi la munthu lili ndi nzeru zakezake. Mwamunayo asanaganize n’komwe, ntchafu ija inagwera pansi, iye anatsika pa benchi, n’kukanyonyomala pafupi ndi thumba la makala, nkhope atalozetsa kukhoma, akuomba m’manja chapansipansi. Buluku lake loyera linakhudza matope. Amayi nawonso, mwa chizolowezi, anabwerera m’mbuyo n’kukhala pansi chammbali.

“Mwafika, akamwini?” anatero akuyang’ana kumbali. “Ana anu akula.”

Anyamata ogulitsa kaunjika amene ankadya pakona anasiya kutafuna. Mayi wa ku Dedza uja sanafunikire womumasulira, mwambowu ndi wakwawonso. Anavula magalasi, anayang’ana mwamunayo, kenako ine.

“Munthu sathawa mayi ake aang’ono,” anatero pang’onopang’ono. “Inu ndinu ndani?”

“Ndine mkazi wake. Afunseni ngati anandisudzula.”

Mwamunayo anayesa kudzuka kuti alankhule, koma amayi anakhosomola, ndipo anabwerera pansi. Mayiyo anam’pisa m’thumba la malaya, anatenga makiyi a galimoto imene anabwereka, n’kutuluka osathamanga. Ndinamumvera chisoni pang’ono, koma kunena zoona mtima wanga unali mbee, ngati ndamwa madzi ozizira mwezi wa Okutobala.

Amayi sanasunthe, choncho iyenso sakanadzuka. Ndinatumiza uthenga kunyumba kuti ana akaweruka kusukulu abwere kumsika. Anam’peza ali chinyonyomalire. Wamkulu anam’zindikira ndipo anaima patali. Wamng’ono anandikoka chitenje.

“Amama, bambo awa alakwa chiyani?”

“Afunse wekha,” ndinatero. “Ndi bambo ako.”