Mwana Wanga Wotchinga Mphepo

Ndinanyamuka ku Nsefu Loweruka kusanache bwino, m'thumba muli mbatata zophika, m'makutu muli mawu a mkazi wanga: "A Sakala, musabwere nokha." Masiku onse amanditchula atake Taonga. Akafika ponditchula mfunda, dziwani kuti mlandu watha, palibe apilo.

Nkhani yake inali ya mwana wathu wachisamba, Taonga. Anapita ku Chipata kwa mlongo wanga kukabwereza mayeso, ndipo kumeneko anagwidwa ndi matenda a njinga. Timu ina ya atsikana opalasa pa mipikisano inamutenga. Tsono amake anali atamupezera ntchito yoperekera zakudya pa loji ina ku Mfuwe, ndipo woyang'anira anali atanena mosabisa kuti akapanda kuonekera Lolemba m'mawa, malowo apatsa wina. Kuno ku chigwa ntchito ya pa loji si yotolatola. Ine ndinatumidwa kukamutenga.

Sindinakane, ndipo sikuti ndimadana ndi njinga. Unyamata wanga wonse ndinathera pa chishalo, kunyamula nsomba zouma kuchokera ku Luangwa kukagulitsa ku Chipata. Chimene chinkandiwawa n'china. Ndikamuimbira foni atatha mpikisano, ndinkafunsa kuti, "Wakhala nambala chani?" Iye ankayankha akuseka, "Kumbuyo, atate, koma zayenda bwino." Zayenda bwino bwanji uli kumbuyo? Mwana amene ankasiya anyamata a m'mudzi ali pa chinjinga changa cholemera chija! Ndinkaona ngati akungotaya nthawi.

Kwathu sitipalasa tokha mbandakucha. Timadikirana pa chigayo, chifukwa nthawi imeneyo njovu zimakhala zikubwerera kumtsinje kuchokera m'minda ya anthu. Tsikulo ndinapeza amayi awiri opita ndi tomato kumsika ndi mphunzitsi wina. Wotsogola ntchito yake ndi kuyang'ana ndowe mumsewu: zikakhala zikufuka nthunzi, nonse tsikani mumvetsere. Tinazipeza zozizira, tinadutsa. Njinga ndinaisiya kwa mlamu wanga ku Mfuwe.

Minibasi ya ku Chipata kondakitala ankati ikunyamuka "manje manje", ndiye kuti pompano. Ndinalipira handiredi fifite kwacha, ndinakhala pansi, ndipo manje manjeyo inatha dzuwa litakwera. Ndinapatsidwa mpando wa pakati, bondo lili pa thumba la mpunga. Kumanja kwanga kunali mnyamata wa malaya a khaki, Mabvuto, woonetsa alendo nyama mu paki. Kumanzere kunali mayi wamkulu thupi, a Nambewe, amene ali ndi golosale yokhala ndi TV pafupi ndi msika. Awiriwa ankadziwana, ndipo tisanafike n'komwe pa Masumba anali atayamba kukangana modutsitsa mawu pamphuno panga.

Mkanganowo unali wa mpikisano waukulu wa njinga wa ku Ulaya, umene umatha masabata atatu, tsiku lililonse msewu wake. Mabvuto anaudziwira kwa alendo ake. A Nambewe anayamba kuuonera pa TV yawo mwangozi tsiku lina mpira kulibe, ndipo sanausiyenso.

"Munaona dzulo, amayi?" anatero Mabvuto. "Kamfupi kaja kanamukoka bwana wake phiri lonse, bwana lilime lili panja. Kakanangomusiya, tsikulo likanakhala lake."

"Ndiye masiku otsalawo?" anayankha a Nambewe. "Inu anyamata mumafuna kudya mbewu. Jezi yachikasu ya wotsogola mpikisano wonse ili pa bwanayo. Akataya mphindi ziwiri pa phiri limenelo, timu yonse yagwira ntchito pachabe."

"Koma miyendo inali yake!"

"Miyendo ndi yake, eya. Koma analembedwa ntchito yotchinga mphepo."

Ndinalephera kudzigwira. "Pepani, amayi, kutchinga mphepo ndiye kutani?"

Onse awiri anandigwera ngati ndawapatsa mphatso. Anandiuza kuti mu timu mumakhala mmodzi amene akufuna kuti apambane, ndipo ena onse amamugwirira ntchito. Amapalasa patsogolo pake kuti mphepo ithere pa iwo, amabwerera ku galimoto kukamutengera madzi, ndipo tayala lake likaphulika amatha kumupatsa njinga yawo. Akatha mphamvu amapatuka, bwana n'kudutsa ali watsopano.

Zoti kumbuyo kwa mnzako kumapepuka ndinkazidziwa kuyambira kale, aliyense wopalasa mu Julaye amadziwa. Koma zoti munthu angalembedwe ntchito imeneyo, ndinali ndisanamvepo.

"Nanga wotchingayo amakhala nambala chani?" ndinafunsa.

"Kumbuyo kwenikweni, mudala," anatero Mabvuto. "Ndiye chimandinyansa ine. Dzina lake palibe amalikumbuka."

Ndinakumbukira mawu a Taonga pa foni. Kumbuyo, koma zayenda bwino. Sindinawauze za mwana wanga. Ndiye kuti Taonga sanali wofooka ayi, anali wantchito wa mwana wa munthu wina! Pamenepo ndinali mbali ya Mabvuto ndi mtima wonse, ndipo ndinadziuza kuti Lolemba akaperekera tiyi pa loji basi.

Pa Jumbe tinaima. Ndinagula vitumbuwa viwiri, a Nambewe anagula chimanga chowotcha n'kundibenthulira. Kondakitala anakweza mbuzi pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo inayamba kudya thumba la mpunga lija mwini wake ali mtulo. Mabvuto anayesa kutionetsa pa foni mmene kamfupi kaja kanapatukira, koma netiweki inathawa chithunzi chili pakati, munthu ali chiimire pa mapedulo.

Pa zitunda za Mphomwa minibasi inayamba kutsokomola, kenako inafuka nthunzi. Dalaivala anati titsike ipume. Tinakhala pa miyala m'mbali mwa msewu, mphepo ya mwera ikutikwapula. Kumunsi kunatulukira amuna atatu a makala, njinga iliyonse matumba osanjikizana mpaka kupitirira mutu. Atafika poyambira chitunda anaimika njinga ziwiri, onse atatu n'kukankha imodzi mpaka pamwamba, n'kubwerera kukatenga ina.

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Chitunda chomwecho ndinkachikwera ndi nsomba, msewu usanaikidwe tala. Tinkayenda anayi, ndipo wamphamvu mwa ife anali malemu Yotamu, munthu wa mapewa ngati chitseko. Mwera ukawomba, Yotamu ndiye ankatsogola. Pa chitunda ankayamba kukankha zathu, yake n'kumalizira. Pofika m'tauni ankakhala atatheratu, ndipo kawirikawiri ankalowa mumsika ife titafika kale. Koma tinali ndi lamulo limene palibe analilemba. Tinkamusungira malo abwino, a pakhomo, ndipo palibe ankamasula thumba lake Yotamu asanafike. Ogula ankatitukwana, ife tili phee pa matumba athu. Akafika, ayale iye, kenako ife.

Injini itazizira tinakwera. Awiri aja anayambanso, tsopano za amene adzathawe pagulu mawa lake pa msewu wopanda mapiri. Ndinawadula.

"Amayi, ndifunseko chimodzi. Bwana uja akapambana, amamudikira womutchingayo?"

A Nambewe anaganiza kaye. "Ena amadikira. Amatsika panjinga n'kuima pomwepo mpaka mnzake afike. Ena amangothamangira makamera. Ndi anthu, bambo."

"Ambiri ndi a makamera," anatero Mabvuto.

Tinafika ku Chipata masana. Mlongo wanga anandiuza kuti ndabwera tsiku loipa: kunali mpikisano wa masiku atatu, unali utayamba tsiku lomwelo ndipo utha Lolemba masana. Anati ndikafulumira ndikawapeza akumalizira pa chitunda china kunja kwa tauni. Ndinakwera njinga ya matola. Ine, Sakala, kukhala pa keliyala ngati thumba la ufa, mwana wa dzana akundipalasira! Ndinamuuza kuti tcheni chake chauma. Anati ndigwire bwino.

Ndinaima pakati pa chitundacho, pamalo oti msewu wonse wakumunsi ukuoneka. Anthu sanali ambiri: ana asukulu, ogulitsa nzimbe, ndi bambo wina wa chimkuzamawu pamwamba pomalizira. Patapita nthawi njinga yamoto inadutsa ikuliza hutala, ndipo kutali kunaoneka mzere wa njinga. Wotsogola anali atawerama, chibwano pafupi ndi handulo. Kapalasidwe kameneko, kogwedeza phewa lamanzere, n'kanga. Anali Taonga.

Abale, ndinaiwala zonse za mu minibasi. Ndinakuwa ngati wamisala. "Taonga! Ponda, mwanawe! Ponda!" Mwana wanga anali patsogolo pa onse, ena akuduka mmodzimmodzi kumbuyo kwake. Anakwera nawo mpaka pafupi ndi pamene ndinaima, nkhope itayera ndi mchere wa thukuta. Kenako anatembenuka, ananena kanthu kwa mtsikana wamtali wa jezi yofanana ndi yake, n'kupatukira kumbali. Wamtaliyo anadutsa ngati wangoyamba kumene.

Ndinali nditauzidwa m'mawa womwewo, koma kuona ndi maso kunandipweteka. Taonga anatsala akupalasa ngati nkhalamba, njinga ikupita uku ndi uku. Amene anawasiya kumunsi aja anayamba kumudutsa. Sanandione. Ndinakwera chitundacho wapansi, ndikukonza mawu omuuza.

Pamwamba, wa chimkuzamawu ankaitana wopambana, mtsikana wamtali uja, dzina lake Misozi, kuti abwere adzalandire mphatso. Anaitana kawiri. Misoziyo anali ataima pa mzere womalizira, nsana atalozetsa kwa woitanayo, maso ali kumunsi. M'manja anali ndi botolo la madzi losatsegula, milomo yake itauma mpaka kung'aluka. Mkulu wina anamugwira pamkono, iye anapukusa mutu. Anaima choncho mpaka Taonga anatulukira. Anamugwirira njinga kuti asagwe, anatsegula botolo lija, n'kumupatsa kuti ayambe kumwa ndi iye. Atatero m'pamene anapita kwa wa chimkuzamawu.

Mawu amene ndinakonza aja anandithawa. Ndinaona Yotamu akulowa mumsika, ife tili phee pa matumba.

Taonga anandiona ali chikhalire pa udzu. Anayesa kudzuka kuti andilonjere bwino, miyendo inakana.

"Khala, khala," ndinatero. "Mwaswera bwanji, a nambala ya kumbuyo?"

Anaseka pang'ono, kenako nkhope inagwa. "Amama akutumani."

"Eya."

"Ya pa loji ija."

"Lolemba m'mawa. Ukapanda kufika, yapita."

Anazula udzu n'kumauyang'ana. "Mawa tikupita msewu wa ku Katete, atate, ndipo kuli mphepo. Lolemba ndiye tsiku lomaliza. Ndikachoka, Misozi atsala ndi ana awiri ongoyamba kumene, amudya amoyo. Koma mukanena kuti tipite, ndikatenga chikwama."

Sanandinyengerere, ndipo n'chimene chinandivuta. Akanalira kapena kukana, ndikanakwiya n'kumukweza minibasi. Koma anangondisenzetsa. Ndinaganiza za thonje lathu la chaka chino, limene silinabereke bwino. Ndinaganiza za amake, amene anapita ku lojiko katatu wapansi kukapempha malowo. Timuyo imangomupatsa kogulira sopo ndi chakudya. Mphepo sidyetsa munthu, zimenezo ndikuzidziwa.

"Uyu Misozi," ndinafunsa, "amakudikira masiku onse, kapena lero chifukwa kuli anthu?"

"Masiku onse, atate. Ngakhale pongoyeserera. Ndipo aphunzitsi athu akuti mpikisano wa msewu wopanda mapiri ukabwera, iye ndiye adzanditchingira ine."

Ndinatulutsa mbatata zija, zinali zitaphwanyika m'thumba. "Amako anaphika izi kuti tidye pobwerera. Idya. Umpatseko mnzakoyo."

Anandiyang'ana, anamvetsa, ndipo anabisa nkhope m'jezi.

Lamlungu ndinakwera minibasi ya ku Mfuwe ndekha. Munalibe wokangana za njinga, munali kwaya ya amayi yochokera ku msonkhano, ndipo inaimba mpaka pa Jumbe. Njira yonse ndinkadzifunsa ngati ndachita bwino, ndipo mpaka lero sindinganene motsimikiza. Ntchito ya pa loji inapitadi kwa munthu wina. Chimene ndinaphunzira n'chakuti zaka ziwiri zonsezi ndinkafunsa mwana wanga funso lolakwika. Kwa Yotamu sitinkafunsa kuti wafika nambala chani.

Ndinatenga njinga kwa mlamu wanga ndipo ndinafika ku Nsefu dzuwa likupendeka. Amake Taonga anali pakhonde akusankha nyemba. Anayang'ana ine, anayang'ana keliyala yopanda munthu.

"A Sakala."

"Ndamusiya," ndinatero. "Ali kale pa ntchito, ndipo ndaiona ndi maso anga. Ndi ntchito ya Yotamu."

Mkazi wanga ankamudziwa Yotamu. Nsomba zimene ndinamukwatira nazo zinakwera Mphomwa ndi mapewa a Yotamu. Manja a amake Taonga anaima m'lichero osasankha kanthu. Ndinaima pabwalo nditagwira njinga, osadziwa ngati ndilowe.

"Amamudikira?" anafunsa.

"Amamudikira."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nabwerera ku nyemba zake.

"Nanga mbatata zija, atake Taonga, anadya?"