Dziwe la Mayi Jonasi

Mayi Mervis Jonasi ankaphunzitsa sayansi mu Sitandade 6 pa sukulu ina ya pulayimale kwa Malemia. Chaka ndi chaka ankafika pa mutu wa nyanja yamchere, nyanja imene iwo eni anali asanaionepo. Ana ankaloweza zonse, koma ukawafunsa kuti nsomba imapuma bwanji, ankangoyang'ana kudenga.

Zimenezi zinkawawawa. M'chaka cha 1991 anayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti akumbe dziwe kuseri kwa sukulu. Ena anaseka, ati aphunzitsi akufuna kuweta nsomba ngati nkhuku, komabe makasu anabwera. Anapatutsa madzi a kamtsinje kochokera m'phiri, nathira m'dziwemo tiana ta nsomba za makumba. Kuyambira pamenepo phunziro linkachitikira m'mbali mwa dziwe, ana atagwira nsomba yamoyo m'manja. Loweruka kunkabwera makolo kudzaona kathiridwe ka madeya ndi manyowa, ndipo angapo anakakumba maiwe awo kumudzi.

Mbiri inafika ku Zomba. Anthu a bungwe lina lakunja anabwera pa galimoto loyera, anajambula zithunzi, nalonjeza kuti mphunzitsi mmodzi apita ku maphunziro a zamoyo za m'madzi kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Mayi Jonasi anakasoketsa diresi kwa telala pa Songani.

Ulendo utayandikira, a Henderson, ahedi a sukuluyo, anawaitanira ku ofesi.

"Mayi, mwezi wathunthu kunja, amuna anu aziwaphikira ndani?"

"Abambo akunyumba avomera kale," anayankha Mayi Jonasi.

"Komiti yaona kuti ulendo wotere ukufunika munthu woimira sukulu yonse."

Anapita a Henderson, amene khasu la padziwepo sanaligwireko. Anabwerako atanenepa, ali ndi wailesi yatsopano. Mayi Jonasi anameza mkwiyo n'kupita kukafunsa zimene anaphunzira kumeneko, kuti mwina ana apinduleko.

"Madzi ake ndi amcheredi, mayi," anatero a Henderson. "Munkanena zoona."

Mabuku amene anapatsidwa ati anawasiya komweko chifukwa ankalemera.

Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango. Panafunika njerwa za makalasi atsopano, ndipo ahedi analamula kuti ziumbidwe ndi dothi la padziwe, poti madzi anali pafupi. Mayi Jonasi analibe poyambira kukana. Akanati chiyani, ana akunyowa ndi mvula panja? Dziwe linaphwetsedwa, nsomba zinagawidwa kwa aphunzitsi. Mayi Jonasi zawo anazisiya mu beseni pakhonde la ofesi, osazikhudza.

Anaphunzitsabe mpaka atapuma ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma ana amene anabwera dziwe litaphwa amawakumbuka ngati mayi wosaseka, wongolemba pa bolodi n'kukhala pansi.

Maiwe a makolo aja sanafe. Anafalikira mpaka cha ku Naisi. Tsiku lina Mayi Jonasi, akuchokera kuchigayo, anapeza alendo ataima pa dziwe la mlimi wina, mlangizi akuwafotokozera kuti ulimi wa nsomba m'derali unayamba ndi ahedi ena amene anakauphunzira ku Tanzania. Mwini dziwe, yemwe anaphunzira ntchitoyo kwa Mayi Jonasi, anawaona akudutsa, nawerama. Mayi Jonasi anakonza thumba la ufa pamutu n'kupitiriza ulendo.