Munthu Umachita Kukamuona

Aneba a NyaMhone ndi mkulu wopuma ntchito padoko, mwana wa malemu Howard ndi Getrude. Mkuluyu ndi bambo ake a Lusayo. Pachizungu chonse amakondapo liwu limodzi, "see". Amati, "Usipa pamsika umangouyang'ana, koma munthu umachita kunyamuka kukamuona." Kubadwe mwana, kudwale munthu, iwo afika kale.

Akazi awo atagwidwa ndi sitiroko, NyaMhone sanapondeko phazi, poti Lusayo anathawa mwana wamkazi wa NyaMhoneyo atamupatsa pakati. Koma mdzukulu amene anabadwayo atatentha thupi mwezi watha, mkuluyo anatulukira ndi ufa wa kondowole.

"Asebele, ndabwera kudzamuona mwana."

NyaMhone anapereka mpando maso ali pansi. Akazi a mkuluyo akadali chigonere kuseri kwa mpanda. NyaMhone amamanga chitenje chatsopano kuti akawaone, kufika pageti, n'kubwerera.